Tsiku limene ndinasesa madandaulo a olemba mafilimu

Pa ntchito za m'nyumba palibe bwana amene anandidandaulapo. Ndimasesa mpaka kuseri kwa firiji. Koma luso lomwelo ndi limene linandigwaditsa pansi pa tebulo ku Dubai kuno, ndikupepesa kwa bambo amene anali kutsidya la nyanja. Ndikakumbuka, nkhope imanditenthabe.

Nthawi ya kolona ija ndinkagwira ntchito m'fuleti ina ku Jumeirah Village Circle. Madamu anga amaphunzitsa za mafilimu pa yunivesite, ndipo sukulu zitatsekedwa kalasi yonse inasamukira pa kompyuta, pa tebulo lathu lodyera. Ndikamakolopa ndinkadutsa kumbuyo kwawo chowerama kuti kamera isandijambule (ndinamva kuti ana ena ankaganiza kuti tili ndi galu wamkulu).

M'miyezi yomweyo bambo a Chikondi, amuna anga, anamwalira kumudzi ku Ntcheu. Ndege zinali zitaima. Maliro ndinawaonera pa foni. Abale ananditumizira tizidutswa ta vidiyo, kena ka kwaya, kena ka kumanda, kena kongoonetsa mapazi a anthu. Ndinkafunitsitsa kutilumikiza kuti tikhale chinthu chimodzi choti ana anga azisunga, koma sukulu ndinalekeza sitandade 6, ndipo kompyuta ndinkangoidziwa poipukuta fumbi.

Tsiku lina ndinaona Madamu akudula vidiyo ngati telala akudula nsalu. Ndinalimba mtima n'kuwapempha kuti andiphunzitse.

"Yalla, khala apa," anatero. "Ukandithandiza bwino za ana asukuluwa, kompyutayi udzapangirapo za amuna ako."

Chaka chimenecho ana awo asukuluwo ankapanga mapodikasiti a vidiyo, kutanthauza macheza ojambulidwa ngati a pa wailesi koma nkhope zikuoneka. Ankacheza pa intaneti ndi anthu a m'bungwe la olemba nkhani za mafilimu la kudziko lina lakutali. (Ine ndinkayesa kuti anthu a m'filimu amangolankhula za m'mutu mwawo. Kani pali wina amakhala pansi n'kuwalembera, ngakhale mawu akuti "tseka chitseko".)

Ntchito yanga inali yochepa. Pa kompyuta mawu amaoneka ngati timapiri, ndipo pamene munthu wakhala chete pamakhala see. Ndinkadula kutsokomola, ma "eee" ndi malo otalika opanda mawu.

"N'chimodzimodzi kusesa," anatero Madamu. "Chotsa zinyalala, katundu usiye."

Pamenepo ndinadzimva kuti ndafika kwathu. Patapita masabata atatu ndinkadula chifuwa cha munthu osasiya chipsera, ndipo ndinayamba kudzitama ndithu.

Kenako Madamu anadwala kolona n'kudzitsekera kuchipinda. Chakudya ndinkasiya pakhomo, ndipo tinkalankhulana chitseko chili pakati. Panatsala podikasiti ya mtsikana wina dzina lake Farida, yoti ionetsedwe Lachinayi kwa aphunzitsi ena. Malikisi ake ndi amene akanagamula ngati wakhoza chakacho kapena abwereza.

"Ungochotsa kutsokomola basi, khalas," Madamu anafuula mosasa mawu. "Usachite zambiri."

Vidiyoyo inali ya mphindi makumi anayi. Farida ankacheza ndi bambo wachikulire wa ndevu zoyera, mmodzi wa akuluakulu a bungwelo. Poyamba zinali bwino, malonje ndi kuseka. Kenako bamboyo anayamba kunena mabwana ake. Anati amalipira mochedwa, amachotsa mayina a olemba pa filimu, amasintha mawu osafunsa mwini wake. Ankawatchula mmodzimmodzi, chala chili m'mwamba.

Ine kuno ndinaonapo mtsikana wa kwathu atakwezedwa ndege chifukwa chongonena pa foni kuti madamu ake ndi aumbombo. Bwana sitimunena pa kamera. Bwana timamunena tikatuluka m'tchalitchi, m'Chichewa, chapansipansi, maso ali uku ndi uku. Ndinati m'mtima, bambo awa ali ndi ana, viza yawo ikafufutidwa adzadya chiyani? (Sizinandifikire m'mutu kuti munthuyo ali kwawo, viza sakuifuna.)

Ndinadula dzina loyamba. Ndinadula lachiwiri. Atatchula za sitalaka ndinadula ndime yonse, n'kuyang'ana kukhomo ngati wina wamva.

Chapakati bamboyo anakumbukira mnzake amene anamwalira ndi kolona, ndipo analira. Kwathu munthu wamkulu akagwetsa misozi timayang'ana kumbali, sitimuonetsa kugulu. Ndinadula. Malo ena Farida ankawadula mawu bamboyo asanamalize kulankhula. Ndinaona kuti aphunzitsi amuyesa wamwano, ndiye ndinamuthandizanso.

Pomaliza panatsala mphindi zisanu ndi imodzi, zoyera mbee.

Mwina mukuti apa ndiye pothera, koma ayi. Pa kompyutapo panatsala mavidiyo awiri ofanana mayina, yanga yosesa ija ndi yakale yodzaza zoopsa. Yakaleyo ndinaikokera m'kabini kotayamo zinyalala ka pakona. Ndipo ine sindigoneka zinyalala m'bini, amayi anga sanandilere choncho. Kompyuta inandifunsa ngati ndatsimikiza. Ndinavomera, monga ndimavomerera funso lililonse la m'Chingerezi.

Lachinayi linafika. Madamu analowa m'kalasi pa foni ali pabedi, ine n'kuyatsa vidiyo kuchokera pa tebulo. Bambo a ndevu anaonekera n'kunena kuti: "Moni. Zikomo pondiitana. Ndalemba mafilimu zaka zambiri. Mabwana athu ndi... anthu... amene... Zikomo kwambiri." Mutu wawo unkadumphadumpha ngati nkhuku yojompha chimanga.

Kenako mphunzitsi wina anafunsa mwaulemu kuti, "Ndiye bungweli likufuna chiyani kwenikweni?"

Farida anangogwira pakamwa. Yakale ija iye anali atafufuta kale pa kompyuta yake chifukwa inadzaza, podalira kuti kwa Madamu ili pabwino.

Kalasi itatha ndinamva dzina langa kuseri kwa chitseko.

"Wachotsa chiyani?"

"Zoopsa zokhazokha, Madamu."

"Zoopsazo ndiye podikasitiyo! Yakale ili kuti?"

"Ndinataya."

"Chabwino, ili m'bini."

"M'binimo ndinakhuthulamo, Madamu."

Anatsokomola nthawi yaitali. Ine ndinaima pakhomopo ndi mbale ya supu ikuzizira. Ndinali nditawononga chaka cha mwana wa eni ake, ndipo vidiyo ya bambo a Chikondi ndinaona kuti yapita nayo limodzi. Ndani angabwerekenso kompyuta munthu ngati ine?

Aphunzitsi anamupatsa Farida mpaka Lolemba kuti ajambulenso, ngati bamboyo angavomere. Madamu anati amene wadula ndi amene akafotokoze. Choncho Loweruka masana ndinavala diresi yanga ya kutchalitchi n'kukhala kutsogolo kwa kamera imene ndinaithawa miyezi yonse ija. Farida anali pakona ina, maso ali ofiira. Bamboyo ataonekera ndinachita zimene aliyense woleredwa bwino amachita popepesa kwa wamkulu. Ndinagwada.

"Mayi aja apita kuti?" ndinamva akufunsa. "Ndikungoona mpando."

"Ndikuganiza kuti ali pansi pa tebulo," anatero Farida.

Ndinasuzumira, mphumi yokha ikuoneka, n'kufotokoza ndi Chingerezi changa cha kukhitchini. Ndinati ndinkaopa kuti achotsedwa ntchito, ana awo avutika.

Bamboyo anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Mayi, zaka zonsezi anthu akhala akudula mawu anga kuti ateteze matumba awo. Inu ndinu woyamba kudula kuti muteteze ine. Dzukani, mawondo apweteka."

Anavomera kujambulanso, ndipo ulendo uno anakalipa kuposa poyamba. Asanayambe anandifunsa kuti, "Nanga inuyo kumeneko, zikavuta amakulankhulirani ndani?" Ndinati Mulungu ndi Madamu. Kuchipinda kunamveka chifuwa, sindikudziwa ngati chinali cha kolona.

Atafika pa za mnzawo uja analiranso. Atapukuta maso anayang'ana pa kamera n'kunena kuti, "Mayi a pansi pa tebulo, misoziyi muisiye. Ndi ya mnzanga, si zinyalala."

Ndinaisiya. Ndinachotsa kutsokomola kunayi basi, ndipo Farida anakhoza.

Madamu atachira sanabweze lonjezo lawo. Anangomata kapepala pakona ya kompyuta, pamwamba pa kabini kaja, kolembedwa kuti ndisakhudze. Ndinalumikiza tizidutswa ta maliro tija masana angapo ndikamaliza kuchapa. Ndinasiya zonse, mphepo yowomba m'foni, kwaya yoyamba nyimbo mosagwirizana, apongozi anga akulira mpaka mawu kutha. Ngakhale mapazi aja ndinawasiya, chifukwa ndinazindikiramo nsapato za mwana wanga Chikondi, zopukutidwa bwino ngati mmene bambo ake ankafunira.

Koma m'kachidutswa ka kumanda munali mawu a alamu anga, achemwali awo a malemu, akunong'oneza mnzawo pafupi ndi foni: "Mkazi wake ndi uyo ali phee ku Dubai, akudya mpunga wa Aluya."

Ndinabwereza kumvetsera katatu. Ndinakumbukira bambo a ndevu aja, kuti mawu a munthu sitidula osamufunsa, ngakhale akhale owawa. Ndinavomereza kuti ananena zoona, ndipo ndinapempherapo pang'ono.

Kenako ndinadula alamu anga, ndinamatula kapepala ka Madamu, n'kukhuthula bini.