Gadiyani wa Mphuno Yanga

Lolemba

Mphuno: yotseka mbali zonse ziwiri. Mutu: ukuwawa pamwamba pa diso lamanzere, monga mwa masiku onse. Fungo: palibe. Chaka chachitatu tsopano.

M'mawa ndili ku chipatala cha pa Boma. A Msiska, amene amationa ife odwala wamba, akundigogoda m'masaya ndi chala ngati akusankha dzungu. Akuti ndi sainasi. Akuti mkati mwa tsaya la munthu muli kaphanga, ndipo kangako kadzaza mafinya osowa potulukira. Mapiritsi ndamwa mitundu yonse. Masamba a bulugamu ndafukiza mpaka bulangete latha. Fodya wa m'mphuno ndinayesa kamodzi, ndinangolira misozi.

Nkhani yabwino: dokotala wa mphuno ndi makutu akubwera Lachisanu kuchokera ku Lilongwe. Amabwera kamodzi pachaka, tsiku limodzi basi. Dzina langa lili pa mndandanda wa opaleshoni, ndine wachinayi!

Kachitidwe kake: amakugoneka tulo, kukweza mlomo wam'mwamba, kuboola kafupa pamwamba pa mano, kutsuka kaphangako, kusoka. A Msiska akufotokoza zonsezi uku akutafuna mtedza.

Zofunika, atero:
1. Kalata ya kuntchito.
2. M'mimba mopanda kanthu kuyambira Lachinayi madzulo. Ngakhale madzi ayi. Munthu akagonekedwa ali wokhuta amasanza, masanziwo n'kulowa m'mapapo, kwatha.
3. Gadiyani. Munthu wamkulu wosaina pepala, wophika, wotaya beseni. Wopanda gadiyani salowa ku fiyeta.

Choyamba n'chosavuta. Chachiwiri n'kungotseka pakamwa, ngakhale kuti ine ndimapumira pomwepo. Chachitatu ndiye nkhani. Ine kwathu ndi ku Ntcheu, masiku awiri pa basi. Kuno ndilibe ngakhale msuweni wongopeka.

Masana ku ofesi. Bwana Chirambo akadali ndi nkhani ya mbuzi ya ukwati wa ku Njakwa. Ndinaidinda ndine mwezi watha. Inkaoneka bwino mbuziyo. Anthu a ukwati anathera kuthengo, mkwati yemwe. Bwana akuti: "Woyeza nyama wosamva fungo sindinamuonepo. Mphuno ikapanda kutseguka mwezi uno, chidindo mubweze."

Chidindo changa! Zaka zisanu ndi zitatu chili m'thumba la khoti loyera ili. Opha nyama amandivulira chipewa chifukwa cha icho, osati chifukwa cha nkhope yanga.

Lachiwiri

Mphuno: chimodzimodzi. Mphepo ya kuno ikuwomba fumbi lonse la msewu wa Bolero kulowetsa m'nyumba mwanga. Kumene kukulowera fumbilo m'thupi mwanga kaya, popeza khomo ndi lotseka.

Kalata ya kuntchito yatuluka. Bwana asaina mwachangu kwambiri, sindinakonde.

Telegalamu kwa mkazi wanga, amake Tiyanjane: BWERANI MSANGA OPALESHONI LACHISANU. Akakwera mawa m'mawa afika Lachinayi madzulo. Zitheka ndithu.

Ku msika. Anyamata a chipani ali pachipata, khadi la chipani ndaonetsa. Ng'ombe imodzi, mbuzi zitatu. Njira yanga yoyezera masiku ano:
kuwerama, kukoka mpweya mwamphamvu kuti anthu amve phokoso;
kuyang'ana ntchentche, ngati zikutera mwaulemu kapena mopikisana;
kuyang'ana galu wina wakuda wa kuseri kwa butchala. Akabwerera m'mbuyo, nanenso ndimabwerera.
Lero galu sanabwere. Ndadinda zonse ndi pemphero.

Ndameta tsitsi, ndachapa pijama, ndagula sopo ndi kabeseni. Ndevu za pamlomo ndasiya, ndidzameta Lachisanu lomwelo.

Zimene ndidzanunkhize mphuno ikatseguka:
khofi wa ku Phoka amene aliyense amanditamandira;
nsapato zanga, kuti ndidziwe ngati zimene amanena anthu n'zoona;
mutu wa Tiyanjane. Mwanayo anabadwa mphuno itatseka kale. Ndamunyamula, ndamupsompsona, koma fungo lake sindilidziwa. Ichi chimandipweteka kuposa mutu.

Lachitatu

Yankho la telegalamu lafika: NKHUMBA YABEREKA ANA NAINI SINDINGACHOKE MULUNGU AKUTSOGOLERENI.

Chabwino. Ana naini ndi ambiri.

Ndikufufuza gadiyani pa Boma pano. Anzanga a ku ofesi akuti udikiro ndi ntchito ya amayi, mwamuna sangakhale ku khitchini ya magadiyani, amusekako. Mlonda wa ofesi wavomera msanga, koma akufunsa ngati ku chipatala amalola kulowa ndi botolo. Ndamuthokoza.

Madzulo mwayi! Mayi Banda, akazi a bambo wa ku positi ofesi, ndi a ku Dowa, Chichewa chawo n'cha kwathu. Akuti: "Achimwene, musadandaule, tonse ndife alendo kuno. Ndidzakudikirirani ine." Ndawafotokozera za m'mimba mopanda kanthu. Amva kamodzi. Munthu wabwino bwanji!

Mndandanda watha: kalata ilipo, gadiyani alipo. Chatsala n'kusadya, chimene munthu wa boma wokhala yekha ngati ine amachidziwa bwino.

Mutu lero ukuwawa pang'ono chabe.

Lachinayi

Lole ya chipani yaima pa bwalo la sukulu. Amayi onse ovina akupita ku Mzuzu kukakonzekera magule, kukubwera alendo akuluakulu. Mayi Banda ndi amene amayambitsa nyimbo. Ndawaona ali pamwamba pa lole, chitenje chatsopano, akundikupizira dzanja mopepesa. Abwerako Lachiwiri.

Sindikudandaula. Ndalemba pano kuti sindikudandaula, wina akapeza bukuli aone. Magule ndi chinthu chabwino kwambiri.

Masana ndakhala pakhonde, kabeseni pamiyendo. Akudutsa a NyaGondwe, eni nyumba imene ndimakhalayi. Mayi wamkulu, wamasiye, mtsogoleri wa amayi a kumpingo. Zaka zinayi timangopatsana moni. Afunsa chavuta n'chiyani, ndafotokoza. Akwiya! Akuti ndawanyoza, kufunafuna gadiyani m'tauni monse iwo ali pakhomo pomwepa. "Ndiwe mwana wane. Ukagona m'nyumba yane ndiwe mwana wane."

Ndaika kabeseni pansi. Zaka zinayi kuno palibe ananditchapo mwana.

Akuti udikiro anayamba kale. Amuna awo, apongozi, abusa awiri, mphunzitsi wina wa ku Thyolo. Ena anachira, ena anapita, koma palibe ndi mmodzi yemwe anganene kuti anagona ndi njala m'manja mwawo.

Apa ndawauza lamulo lachiwiri. Pang'onopang'ono, kawiri. Akugwedeza mutu, akuti akudziwa, achipatala amatero nthawi zonse.

Tapita limodzi, asaina pepala ndi dzanja lokongola la ku mishoni. Ndapatsidwa bedi la pawindo. Chakudya chomaliza: mpunga ndi nyemba, dzuwa lisanalowe. Kuyambira pano pakamwa ndi pa mpweya wokha.

Lachisanu m'mawa

Dokotala wafika! Galimoto yake ili pansi pa mtengo. Woyamba walowa kale ku fiyeta. Kukhosi kwauma gwa, koma ndili bwino.

Sikisi koloko itangodutsa, a NyaGondwe alowa m'wodi. Kumbuyo kwawo amayi asanu a kumpingo, malaya oyera, mipango yoyera. Azungulira bedi. Nyimbo ziwiri, pemphero lalitali la Chitumbuka, ndamvamo dzina langa ndi mawu akuti mphuno. Wodi yonse yati ameni.

Kenaka ketulo.

Chindongwa. Ndi thobwa la kuno, la mawere, lolemera loti supuni ingaime. Akuti anayamba kuliphika dzulo atangosaina pepala. Ndayamba kunena kuti Amama, lamulo lija. Akuti lamulo ndi la chakudya, munthu sapita ku mpeni mtima uli lende.

Ndiye achita chinthu chija. Athira m'kapu, amwako okha kaye, apukuta m'mphepete ndi chikhatho, agwada, andipatsa ndi manja awiri. "Imwani, mwana wane."

Kuno n'chimodzimodzi ndi kwathu: wopereka amayamba walawa kuti uone kuti sanathiremo kanthu. Akalawa iwe n'kukana, watchula munthu ufiti. Mayi wa mpingo, wagwada pa simenti, anzake asanu akuyang'ana, odwala khumi adzutsa mitu.

Ndaganiza za chidindo. Ndaganiza za mutu wa Tiyanjane. Ndamwa.

Zikanathera pomwepo. Koma mayi wina wamfupi nayenso wabwera ndi botolo lake. Walawa, wagwada. Kumwa cha uyu n'kukana cha uyo ndiye mlandu woposa woyamba. Wachitatu anali ndi kachigubu.

Makapu atatu. Kukoma kwake sindikudziwa, sindimva.

Nzeru yanga: kukhala chete.

Lachisanu masana

Sisita abwera ndi mndandanda. "Nambala folo, mwadya kanthu?" Ndati ayi. Akundiyang'ana pamlomo. Ndevu zija sindinamete. Mawere a chindongwa ali mbuu m'ndevumo.

Ndisanapeze bodza lachiwiri, a NyaGondwe ayankha monyadira kuti ndamwa bwino ndipo mphamvu zilipo: "Wamwa makora, sisita. Makapu atatu. Nkhongono zilipo."

Sisita sanakalipe. Angotulutsa cholembera, mzere umodzi, kwee.

A Msiska andichonderera kwa dokotala. Yankho: m'mimba mukhale mopanda kanthu mpaka thuu koloko, nthawi ikalola andiika pomalizira. Chiyembekezo chabwerera!

Thwelofu koloko gadiyani wanga akubwera ndi mbale zovundikira. Ndathawa. Ndabisala kuseri kwa nyumba yochapira, pakati pa mashiti oyanika, bambo wamkulu wa boma ndili mu pijama. Ndikuwamva akufunsa aliyense ngati waona mwana wawo.

Wani koloko. Kulira kwa galimoto. Ndasuzumira pakati pa mashiti: dokotala ali kutsogolo, mabokosi a zida kumbuyo. Akuyenera kukafika ku Karonga kusanade, mawa ali ndi mndandanda wina kumeneko. Fumbi lake landipeza pomwe ndaima, ndayetsemula kasanu.

A Msiska akuti: "Chaka chamawa, bambo. Ndikulembani woyamba."

Ndabwerera ku bedi. Mbale zija zikundidikira. Nkhuku. Ndadya yonse, nanga n'kusungiranji.

Loweruka

Andipeza pabedi lomwelo odwala atatu amene anapita ku mpeni dzulo. Masaya otupa ngati abisa mango mkamwa, thonje m'mphuno, akulavulira m'mabeseni. Ndikuwasirira. Mmodzi, mphunzitsi wa ku Bolero, akulozera kunja ndi chala, akuti akuyamba kumva ngati fungo la mankhwala opopera pansi. Ndamufunira zabwino.

Ndatuluka m'chipatala ndi kabeseni kosagwiritsa ntchito.

Ofesi imatseka masana Loweruka, ndafika nthawi ilipo. Bwana Chirambo amva kale. Boma lonse lamva. Angotambasula dzanja. Ndatulutsa chidindo m'thumba, ndachiika pa tebulo, kansalu kake ka inki pambali. Khoti loyera akuti nalonso.

Koma sandichotsa ntchito. Akuti pali ntchito ina imene yasowa munthu zaka ziwiri, aliyense amene amutumako amabwerako sabata isanathe: kuyendera zimbudzi m'midzi yonse kuyambira Bolero mpaka ku Hewe. Kulowa chimodzichimodzi, kusuzumira m'dzenje, kuona chivundikiro, kulemba. "Ndaganizira bwino," akutero bwana, "ntchito imeneyi inalengedwera inu."

Njinga andipatsa. Tochi ndigule ndekha.

Pobwerera ndadutsa pa msika. Wopha nyama wamkulu wa pamsikapo wandiona. Chipewa chake sichinasunthe. Galu wakuda ndi amene wandiperekeza mpaka pa mlatho.

Telegalamu kwa amake Tiyanjane sindinatumize. Ndilembe kuti chiyani?

Lamulungu

Mphuno: yotseka mbali zonse ziwiri. Mutu: pamwamba pa diso lamanzere.

Ndimafuna kugona tsiku lonse. A NyaGondwe agogoda m'mawa, akuti mwana wawo satsala kunyumba pa Sabata. Anditengera kutchalitchi, andikhazika kutsogolo.

Nthawi ya zolengeza aimirira. Chitumbuka changa n'chochepa koma ndamva zonse. Akuti mwana wawo wa ku Ntcheu analowa m'chipatala kuti akamuboole nkhope. Amayi anapemphera. Ndipo taonani, watuluka wamphumphu, mpeni sunamukhudze, ngakhale dontho la magazi! Pomwe ena atatu amene analibe owapempherera ali gone mpaka lero, masaya otupa.

Andiimiritsa. Mpingo wonse waimba. Amayi akulira, nkhalamba zikundigwira dzanja, wina wandisisita mphuno. Ndaima pamenepo kukamwa kuli yasa, popeza ndiyenera kupuma.

Kukwiya ndayesa, sikukubwera. Mayiyu wandilanda chidindo, n'zoona. Komanso Lachisanu anayenda chipatala chonse ndi mbale m'manja akufuula mwana wane, pamene mkazi wanga anali ndi nkhumba.

Zokonzekera mawa:
kupopa njinga;
tochi;
buku latsopano la mizere;
nsapato zakale zija, tsopano zilibe kanthu.

Madzulo abwera pakhonde ndi ketulo, chotsala cha Lachisanu. Ndawauza kuti a Msiska andilemba woyamba chaka chamawa. Asangalala kwambiri. Akuti ndisavutike kufunafuna munthu, gadiyani ndi iwo, ndipo ulendo uno adziwiratu nthawi ilipo, mawere adzanyika sabata yathunthu.

Athira, alawa, apukuta kapu, agwada.

Ndathokoza m'Chitumbuka: yewo, Amama.