Tisiyireni Benchi la Kuseri kwa Golo

Kwa Bwana Wapampando wa timu yathu,
Kudzera kwa a Mlembi,
Kudzeranso kwa mlonda wa pageti, amene ndiye mkulu yekhayo wa timu amene timaonana naye maso ndi maso.

Wolemekezeka Bwana,

Ndayamba ndasamba m'manja ndisanagwire cholembera, chifukwa ndikudziwa kuti pepala lochokera kwa munthu wometa anzake siliyenera kufika pa tebulo ngati lanu lili ndi titsitsi. Ine ndine wometa wa dazi uja amene amakhala kumapeto kwa benchi lathabwa, kuseri kwa golo la kumadzulo. Simundidziwa, ndipo sindikukuimbani mlandu. Munthu akakhala m'chipinda chanu chamagalasi chija, ife tonse timaoneka ngati zitsa za m'munda. Ndikulemba m'malo mwa anzanga a pabenchipo: a Telala, Aphunzitsi amene anapuma ntchito kalekale, ndi a Wailesi, amene dzina lawo lenileni tinaliiwala chifukwa satipatsa mpata woti tiwafunse. Anasankha ine kuti ndilembe chifukwa pa anayife ndine ndekha amene magalasi anga akadali ndi miyendo yonse iwiri.

Musaope, Bwana, sitinabwere ndi mkwiyo. Tabwera ndi mathokozo, ndipo ndawaika m'ndondomeko kuti a Mlembi asavutike powataya.

Choyamba, tikuthokoza chifukwa cha mtendere umene mwabweretsa m'mabanja mwathu. Kale, timu ikapambana, tinkafika kunyumba mawu atasasa, malaya atang'ambika, nsapato imodzi itatsala kubwalo. Chikhalireni inu pampandopo, timabwerera kwathu mwaulemu ndi mwakachetechete, ngati anthu ochokera kozonda wodwala. A Telala anauzidwa ndi dokotala kuti apewe chilichonse chodumphitsa mtima, ndipo timu yanu yawasamalira kuposa mapiritsi. Akazi awo akuti ndikupatseni moni.

Chachiwiri, tikuthokoza chifukwa cha anyamata oleredwa bwino amene mumatigulira. Wakutsogolo uja wa tsitsi lofiira ndi mwana waulemu kwambiri. Akatsala awiriwiri ndi goloboyi amachita manyazi ngati mkamwini amene wakumana ndi apongozi panjira yopapatiza, mpira n'kuubwezera kumbuyo. Otchinga kumbuyo nawo amadziwa kulandira alendo, moti palibe timu imene inabwera pabwalo pathu n'kubwerera chimanjamanja. Monga munthu wa lumo, ndiyenera kuvomerezanso kuti mu ligi yonse mulibe timu yometa bwino ngati yathu. Chikanakhala kuti chikho amapereka poona mizere ya m'mutu, bwenzi kabati yanu itadzaza.

Chachitatu, tamva kuti anyamata a mu ofesi mwanu amatitcha kuti a Chaka-cha-Chikho, ati chifukwa tinakakamira pa chaka chimodzi ngati nkhupakupa pa khutu la ng'ombe. Sakunama. Munthu amanyambita mbale imene munali nyama. Ngakhale mayi a kunyumba kwanga amati ndimakumbukira bwino mayina a osewera a chaka chimenecho kuposa tsiku la ukwati wathu.

Nthawi imeneyo inu munali musanamere mano, ndiye ndiloleni ndikuuzeni. Goloboyi wathu ankagwira mpira ndi dzanja limodzi, linalo akubayibitsa atsikana. Otchinga kumbuyo ankayamba afunsa munthu ngati makolo ake alipo, kenaka n'kumugwetsa. Jezi zinali zolemera ngati bulangete, zikanyowa munthu ankaoneka ngati wabereka mwana, koma ankathamangabe. Aphunzitsi amalumbira kuti chaka chonsecho sitinagonje. Kunena zoona tinagonjapo, koma tinakhala pansi n'kugwirizana kuti masewero amenewo sanachitike.

Ndiye panali masewero omaliza. Mvula ikukhuthuka, bwalo lili matope okhaokha, woimbira atayamba kale kuyang'ana wotchi, zigoli palibe. Apa ndi pamene a Chamanzere, wakutsogolo wathu, anachinya chigoli chimene chinatipatsa chikho. Tonse anayi tinalipo, pabenchi lomweli, koma chigolicho chakhala chikukula limodzi ndi zidzukulu zathu. Poyamba a Wailesi ankati mpirawo anaumenyera pafupi ndi malo a penate. Atakwatira, unali wochokera pakati pa bwalo. Masiku ano a Chamanzere amayambira ku golo lathu, kulambalala anthu onse kuphatikizapo woimbira, kenaka mwendo wamanzere phaa! Ukonde kung'ambika, goloboyi wa adani kusiya mpira tsiku lomwelo n'kukayamba kulalikira. Nthawi yopumulira iliyonse timaifotokozanso nkhaniyi, popeza zimene zimachitika m'chigawo choyamba sizikhala zoti munthu n'kukamba.

Chachinayi, tikuthokoza kuti inunso mwachikumbukira chaka chimenechi. Taona chidziwitso pageti chonena kuti mwezi wamawa benchi lathu lichotsedwa, ndipo pamalopo paikidwa chikwangwani chachikulu cholemekeza ngwazi za chaka cha chikho, m'munsi mwake muli dzina la kampani ya sopo. Taonanso chithunzi chake. Mwajambula a Chamanzere ali m'malere, mwendo wamanzere uli kumwamba, mano oyera kuposa amene anali nawo. Wojambulayo ayenera kuti anacheza ndi a Wailesi. Ndi ulemu waukulu, Bwana. Vuto ndi laling'ono chabe: pamalo pamene mukufuna kuika chithunzi cha a Chamanzere, pamakhala a Chamanzere.

Inde, ali moyo. Ndanena zimenezi chifukwa pa chithunzipo mwalemba kuti "Sitidzakuiwalani", pamene mlonda wanu watsopano tsiku lina anawabweza pageti, ati madala otere amachedwetsa mzere. Ndi mkulu uja wa chipewa chaubweya ndi ndodo, amene amabwera atagwiridwa dzanja ndi mwana wawo wamkazi, mayi amene amagwira ntchito kophika buledi. Amakhala pakati pathu, mwanayo kumanja kwawo.

Apa nthabwala zandithera, ndiye ndinena mosapsatira. A Chamanzere akudwala matenda oiwala. Zinayamba ndi makiyi, kenaka njira ya kumsika, kenaka ife. Ine ndawameta kuyambira ali mnyamata, mutu wawo ndimaudziwa kuposa wanga, koma lero akakhala pampando wanga amandifunsa ngati ndine watsopano pano. Zimenezo ndimapirira. Zimene zimandikanika kupirira ndi za mwana wawo. Iye ndi amene amawasambitsa, kuwaveka ndi kuwadyetsa chimwalirireni amayi ake, ndipo iwo amamuyankha kuti, "Zikomo mayi, Mulungu akudalitseni. Kodi kwanu n'kuti?" Ndinamvapo ndi makutu angawa, ndipo zinandiwawa.

Koma pabenchi paja pamachitika chinthu chimene dokotala sanatifotokozere. Zaka zonse zimene a Chamanzere anali bwino, a Wailesi akamakulitsa chigoli chija iwo ankangomwetulira, n'kumagwedeza phazi lamanzere ngati likuvomereza. Ndani amakana mbiri yabwino? Atayamba kudwala, Loweruka lina a Wailesi atangofika pong'amba ukonde, tinangomva ndodo pathabwa, kho! "Bodza! Iwe Wailesi, bodza lako lija silinathe? Mpirawo sindinauone n'komwe. Unandigunda pankhongo."

Tinangoti kukamwa yasa. Munthu amene anali atatiiwala tonse anatchula a Wailesi dzina. Kenaka anafotokoza zonse, mawu ali amphamvu ngati a mnyamata. Akuti tsikulo akazi awo anali ndi pathupi, masiku atatsala pang'ono, koma anakana kutsala kunyumba ndipo anakhala pabenchi lomweli, cha kumanja. Mpira uli mkati, iwo anamva mayiwo akufuula, n'kuganiza kuti nthawi yakwana. Anasiya za mpira, n'kuthamangira kugolo maso ali pabenchi. Mnzawo wina kumbuyo anangoumenya mpira mwachisawawa kuti uchoke m'matope, mpira uja pankhongo pa a Chamanzere khu! n'kulowa. Mayi aja sikuti nthawi yobereka inali itakwana. Ankangotukwana woimbira.

Atafika pamenepo anatembenukira kumanja, kumene ankakhala malemuwo. Pamalopo panali mwana wawo, atanyamula botolo la madzi. Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamuitana dzina la paubwana limene ngakhale ife sitinkalidziwa. "Iwe unali m'mimba tsiku limenelo. Chigoli chija n'chako." Mayi uja anagwira pakamwa, botolo n'kugwa. A Telala anayamba kufunafuna chinachake pansi pa benchi chimene mpaka lero sanachipeze. Chigawo chachiwiri chonse bambo ndi mwana anacheza. Anamufunsa ngati wadya, anamudzudzula kuti waonda. Pofika pageti potuluka anali atabwereranso kwa "zikomo mayi".

Kuyambira tsikulo bodza linasanduka ntchito yathu. Timu ikamasewera pakhomo timagawana zochita. A Wailesi amayamba, Aphunzitsi amaonjezera anthu olambalalidwa, a Telala amang'amba ukonde, ine ndimatumiza goloboyi kukalalikira. Tikanama pang'ono sizigwira. Pamafunika bodza lonenepa, loti ngakhale mwana aseke, ndiye ndodo imagunda thabwa. Si nthawi zonse, masiku ena amangosinza mpaka mpira kutha. Koma masiku ambiri zimatheka, ndipo mwana wawo amasinthana ndi anzake kuntchito kuti asaphonye Loweruka.

Mwina mukuti, bwanji osakanamira kwina? Tinayesa, Bwana. Tinayesa kunyumba kwawo, anatifunsa ngati tabwera kudzakonza mpopi. Tinayesa m'shopu yanga yometera, a Wailesi anachita kugwetsa kalilole posonyeza kamenyedwe, iwo anangoombera m'manja mwaulemu. Tinayesanso pa mipando yanu yatsopano yapulasitiki ya m'mbali mwa bwalo, kumene chidziwitso chikuti tisamukire. Anamvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, "Ameneyo anali katswiri ndithu. Anali ndani?" Zimafuna thabwa lomwelija, golo lili patsogolo, ndi malo a kumanja aja. Chifukwa chake sitikuchidziwa, ndipo sitikufuna kuchifufuza kwambiri kuopa kuti chingathawe.

Tsono pempho lathu nali, ndipo tikulipereka titagwada, ngakhale kuti kudzukanso kutivuta. Sitikupempha chikho. Tinakula, timasiyanitsa zotheka ndi zosatheka. Sitikupemphanso kuti muchotse kochi, pakuti nayenso ali ndi ana. Tikupempha kuti chikwangwani chanu chikakhale kuseri kwa golo linalo, kumene kulibe wokhalako kupatula udzu. Kumeneko chidzathandizanso anyamata athu. Mipira yawo imadutsa kale pamwamba pa golo, ndiye adzakhala ndi chinthu choti azichigunda n'kuomberedwa m'manja.

Ngati zimenezi n'zosatheka chifukwa a kampani ya sopo anayeza kale malowo, tamva, ndife ana anu. Koma musatume mlonda kapena a Mlembi, paja kandimverere anakanena za m'maluwa. Tsikani nokha Loweruka likubwerali. Pabenchi tikusungirani malo, ndipo a Telala abweretsa kansalu koyalapo kuti suti isade. Mudzakhale nafe nthawi yopumulira, mumve bodza lathu, mumvenso ndodo. Kenaka chigawo chachiwiri chili mkati, a Chamanzere akadamudziwabe mwana wawo, mudzawauze onse awiri maso ndi maso kuti kumeneku n'komaliza, ndi kuti chithunzi chidzakhala chokongola.

Ndikuchenjezeni chinthu chimodzi chokha. Munthu wachilendo akakhala nawo pafupi, a Chamanzere amamugwira bondo n'kumufunsa kuti, "Kodi achimwene, inu muli mbali yathu?" Amafunsa mwaulemu, koma bondolo salisiya mpaka atayankhidwa. Masiku akadalipo, Bwana. Chonde konzekeranitu yankho, chifukwa nafenso tidzakhala tikumvetsera.

Ine wantchito wanu wa kuseri kwa golo,

Wometa,
pamodzi ndi a Telala, Aphunzitsi ndi a Wailesi.