Mizere Yokana Kuda

Lolemba

Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikujambula mawilibala ndi pensulo pakampani yathu ku Makata, ndipo palibe wilibala inabwerapo kudzadandaula. Lero mwana wa abwana, Madamu Shamimu, andiikira kompyuta patebulo. Akuti, "Ankolo, pofika Lachisanu mundijambulire kachitsulo kogwira tayala. Mizere yonse ikhale yakuda. Zikavuta tiitana wina wa ku koleji."

Lamulo lake ndi ili: mzere wa buluu ndi womasuka, sunauzidwe kutalika kwake kapena pokhala. Ukaupatsa miyezo yokwanira umada, susunthanso. Kachitsuloko n'ka mbali zinayi ndi mabowo anayi. Basi! Mpaka kundiopseza ndi wa ku koleji?

Dongosolo langa:
lero, kujambula;
mawa, kudetsa;
Lachitatu mpaka Lachisanu, kupuma mooneka ngati ndikuganiza.

Lachiwiri

Chithunzi chatuluka chokongola, koma cha buluu chonse. Ndikugwira kona imodzi ndi mausi, kungoikoka pang'ono, kachitsulo kakupindika ngati lata la chimbudzi nthawi ya mphepo. Bowo limodzi lathawira kunja kwa chitsulo, lili palokha uko. Bowo lopanda chitsulo! Papepala zoterezi sizinandichitikirepo.

A Musa, amene amadula zitsulo, asuzumira. "Madala, mwayamba kujambula mapu a Ndirande?"

Ndikuwapatsa msana. Munthu woti sadziwa n'koyatsira komwe.

Lachitatu

Lero ndikuthira miyezo mosaumira. Kutalika, mulifupi, kona ndi kona, bowo ndi bowo, kutalikanso kachiwiri kuti imvetse bwino. Mizere itatu yada. Ndikuwonjezera muyezo umodzi wokha, zambiri psuu! Zafiira.

Madamu akuti kufiira ndiye kuti ndauza mzere umodzi zinthu ziwiri zotsutsana. Miyezo ikachepa ikukwiya, ikachuluka ikukwiya. Kompyuta imeneyi ili ndi mtima wa alandilodi anga a ku Bangwe.

Zomwe ndapeza lero:
mizere isanu yofiira;
itatu ya buluu;
mutu waching'alang'ala.
Chakuda ndi tiyi yekha.

Lachinayi

Popita kuntchito ndadzera kwa alamu anga okonza mafoni mumsika wa Ndirande. Pulogalamuyi sanaionepo, koma angoyang'ana chithunzi pafoni panga, akuti, "Alamu, kabatani ka lokoka mukukasungira ndani?"

Shuwa, kalipo! Ukadina kaloko, mzere umakhomeka pomwe ulipo. Osafunsa muyezo, osafunsa chifukwa. Ndikufufuta miyezo yonse, ndikusankha chithunzi chonse, dinu! Bii! Chakuda ngati makala a ku Zingwangwa.

Mphindi ziwiri zokha. Anthu amatha zaka zinayi kukoleji kuphunzira kabatani kamodzi?

Ndikuitana a Musa adzaone. Ndikuitana a mlonda. Ndikuitananso mayi wogulitsa mandasi pageti, ngakhale iwo akungofunsa ngati TV imeneyi imaonetsa mpira.

Lachisanu

Ndavala tayi. Madamu akhala pampando wanga, akugwedeza mutu. Kenako akuti, "Matayala atsopano ndi aakulu. Tiwonjezere mulifupi ndi mamilimita makumi atatu, mabowo atsatira okha."

Atsatira okha?

Akufunafuna muyezo woti asinthe. Palibe. Akulemba wawo, chithunzi chonse psuu! Akudina mzere, kaloko. Wina, kaloko. Bowo, kaloko. Akuwerenga mokweza mpaka maloko khumi ndi awiri, a Musa ali chilili pakhomo, mano onse pamtunda.

"Ankolo, apa simunajambule. Mwangotsekera mizere m'selo popanda mlandu."

Akuti bowo liyenera kudziwa kuti lili patali bwanji ndi m'mphepete, kuti m'mphepete mukasuntha nalonso lisunthe. Akuchotsa maloko onse. Kachitsulo kabwerera buluu wa Lachiwiri uja. Tayi yayamba kundithina.

Loweruka

Theka la tsiku. Wa ku koleji wafika. Ndimayembekeza kamnyamata ka tsitsi lopota, koma ndi mayi wamkulu ndithu, a Nasimango a ku Chilomoni, atenga ndi fulasiki yawo. Andipatsa moni mwaulemu wonse, zomwe zikupweteka kuposa chipongwe.

Akumangirira kona imodzi pakati. Mbali iyi ilingane ndi iyo, iyi iime chilili, mabowo afanane. Miyezo isanu yokha. Bii! Akusintha mulifupi, mabowo akuyenda okha mwadongosolo ngati amvano popita kukapereka chopereka. Tiyi wawo sanazizire n'komwe.

Kenako akuti, "Bambo, bowoli bwanji lili pafupi chonchi ndi kona?" Ndikuwauza kuti likapita mkati, sipanala siilowa. Akulemba m'kabuku. Madamu amva, koma maso ali pafoni.

Chigamulo: sindikuchotsedwa ntchito. Kuyambira Lolemba ndizikhala pambali pa a Nasimango, kuwauza za masipanala. Mpando wanga atenga iwo. Ine andipezera chigubu cha penti.

Lamulungu

Kutchalitchi. Ndakhala kumbuyo, sindikufuna zolankhula. Pa zolengeza, a mkulu wa mpingo akuimirira: "Tithokoze Mulungu, pakati pathu pano tili ndi injiniya wa makompyuta. Mayi akunyumba kwawo atiuza. Geti latsopano la tchalitchi atijambulira ndi iwowo, mwaulere."

Mpingo wonse m'manja. Mkazi wanga akululutira kuposa onse.

Geti la zitsulo makumi anayi, pamwamba pokhota, pakati mtanda. Ine amene mbali zinayi zandigonjetsa.

Ndikuimirira, ndikuwerama, ndikuti, "Pofika Lachisanu."