Mmene ndinadumphira malume ndi pulogalamu yosadikira

Nkhani iyi kwathu saifuna. Ikangoyamba, amayi amadzuka n'kupita kukayang'ana zovala pachingwe ngakhale kulibe chimene achapa. Ndiinena ndekha, popeza wolakwa ndinali ine.

Ndimakhala ku Matawale ndi amayi komanso mchemwali wanga wamng'ono, Tadala. Ntchito yanga ndi yopangira anthu mawebusaiti (ndikati anthu, ndikunena masitolo awiri a m'tauni ndi sukulu yamkaka imodzi). Chaka chatha ndinayamba kuphunzira chida chatsopano chomangira mawebusaiti, cha mtundu umene akatswiri amati asinki. Nzeru yake ndi yakuti pulogalamu isamaime kudikira kuti ntchito imodzi ithe. Ikangoiyambitsa, ipite kukayamba ina, ngati wa chiwaya amene mbatata zili pamoto iye akudula kabichi uku akulonjera kasitomala. Ndinaonera mavidiyo atatu ophunzitsa, yachinayi ndinaisiya chifukwa bandulo inatha, ndipo ndinadziona kuti ndafikapo.

Masiku omwewo nkhani ya chinkhoswe cha Tadala inali itapsa. A kuchimuna, anthu a ku Chinamwali, anatchula Loweruka limene iwo anaona kuti n'labwino. Amayi anandiitana.

"Ukwere kuphiri ukawauze malume ako. Akavomera tsikulo, m'pamene muziuza anthu. Usayambe ndi wina aliyense."

Malumewo ndi mlongo wawo wa amayi, mwini mbumba, ndiponso ndiwo nkhoswe ya Tadala. Amakhala pamwamba pa phiri la Zomba, kumene amalima mbatata ndi masitiroberi. Kukwera kumeneko n'kothyola mawondo. Ndinayang'ana phiri, ndinayang'ana laputopu, mumtima ndinati nanga sukulu ndinapitiranji?

Ndinapanga katsamba kokongola ndithu. Malume alandire uthenga waulemu pafoni, atsegule tsambalo, adine pamene palembedwa kuti “Ndavomera”, kenako mauthenga olengeza tsikulo apite kwa ena onse. Polemba pulogalamu, mzere wa malume ndinauika pamwamba, wa anthu enawo pansi pake. Ndinkati ulemu ndi umenewo, wamkulu pamwamba.

"Achimwene, kwa malume mwapita?" anafunsa Tadala.

"Zili m'manja zimenezo."

"Nanga bwanji nsapato zanu zilibe fumbi?"

"Masiku ano sitiyenda ndi mapazi, iwe."

Lachiwiri m'mawa ndinadina batani n'kupita kukasamba. Potuluka kubafa ndinapeza foni ya Tadala ikulira. Anali azakhali a ku Mtiya, akululutira. Atangodula, anaimba amayi a Mvano, kenako a kwaya kufunsa ngati adzaimbe. Ngakhale mmwenye wa sitolo ya nsalu, kasitomala wanga amene ndinamuika pamndandanda pofuna kudzionetsa, anaimba kuti yunifomu tikatenge kwa iye.

Ndinathamangira pa laputopu ndi thaulo m'chiuno. Mizere yonse inkasonyeza kuti uthenga wafika, kupatula umodzi, wapamwamba uja. Pulogalamu inayambitsa wa malume, inaona kuti ukuchedwa, n'kupitiriza ndi enawo monga mmene anaipangira. Sindinaiuze kuti idikire, ndipo kachitidwe ka zimenezo kanali mu vidiyo yachinayi ija (mphindi zisanu ndi imodzi basi, ndinaionera pambuyo pake). Ndinaiwalanso kuti kwa malume netiweki imagwira pokhapokha ukaima pamwala wina wake kuseri kwa khola, komanso kuti foni yawo ndi yamabatani, yosatsegula tsamba lililonse.

Malume anamva nkhaniyo masana, kwa mayi wina amene anapita kukapikula mbatata. Madzulo anaimbira amayi, ndipo mawu awo ndinkawamva ndili pakhomo.

"Ndamva kuti mwana wanu ali ndi chinkhoswe. Wandiuza wogula mbatata. Popeza mwapeza nkhoswe ina, ine ndidzabwera ngati mlendo, mukandiitana."

Amayi sanakalipe. Anangondiyang'ana, ndipo ndikanakonda akanandimenya. Tadala analira mpaka kutupa maso. Chinkhoswe chopanda nkhoswe sichichitika, ndipo a kuchimuna akanamva kuti mwini mbumba wanyanyala, akanati mwana wawo akulowa m'banja losalongosoka. Ndinachita manyazi kwambiri, komanso mantha kuti ndamuphera mchemwali wanga banja chifukwa cha ulesi wokwera phiri.

M'mawa mwake ndinakwera wapansi, tambala ali kukhwapa. Ndinapeza malume akupalira. Anandiloza chitsa, ine n'kukhala. Nkhungu inabwera, inapita. Tambala anandinyerera pabuluku kawiri. Iwo ankangopalira, mzere ndi mzere, mpaka dzuwa linapendeka. Atatha anasamba m'manja, n'kukhala pampando wawo.

Ndinagwada n'kufotokoza zonse, za asinki, za chiwaya, za mzere wapamwamba. Anamvetsera osandidula.

"Ndiye makina akowo anauza anthu onse nthawi imodzi?"

"Eya, malume. Sadikira."

"Anawaphunzitsa ndani?"

"Ine."

"Nanga iwe anakuphunzitsa ndani?"

Malume analandira tambala uja, unkhoswe anati apitiriza chifukwa Tadala sanalakwe kanthu. Koma tsiku limene iwo sanavomere si tsiku, choncho analisuntha kufika Loweruka linalo.

"Ndipo aliyense amene makina ako anamuuza, ukamuuze ndi pakamwa pako kuti tsiku lasintha. Khomo ndi khomo. Foni uisiye kwa amako."

Ndinayenda masiku anayi. Mtiya, Chinamwali, Matawale yense, mpaka kusitolo ya nsalu. Khomo lililonse unkayamba wapereka moni, kufunsa za ana, kukana tiyi kawiri n'kumwa kachitatu, kenako kufotokoza chifukwa chimene tsiku lasinthira. Chifukwacho ndinali ine, ndiye ndinadzineneza ndekha m'nyumba zonsezo, ndipo azakhali a ku Mtiya anandiuza kuti ndibwereze kuti anzawo oyandikana nawo amveko.

Chinkhoswe chinachitika bwinobwino, malume atakhala patsogolo ndi jekete lawo. Pulogalamu ija ndinaikonza, tsopano imadikira mwaulemu. Nditawauza amayi kuti paukwati wa kutchalitchi tiigwiritse ntchito, anangolowa kuchipinda kwanga n'kutuluka atafumbata kanthu. Chaja ya laputopu ndikuifunafunabe.