Nkhuku ya M'galasi

Ine Mateyo Miti ndadya ku Tete, ndadya ku Dar es Salaam, ndadya ku Joni komwe amakupatsa mafoloko atatu pomwe kamwa uli nayo imodzi. Ndinayamba ndi beseni la nthochi pasiteshoni ya Nyimba, lelo ndili ndi lesitilanti ya magalasi pomwe mabasi a ku Lusaka amaima okha. Ndipo ndikunenetsa: kuchokela pa mlatho wa Luangwa mpaka ku Petauke, palibe anadyapo nkhuku yanga yaulele.

Chaka chatha zinthu zinathina. Mafuta ophikila anakwela, makala anakwela, nanenso ndinakweza. Ntchafu ndi chipsi zinachoka pa K60 kufika pa K130. Aphunzitsi anayamba kufunsa msuzi chabe. Ena ankangoima pakhomo, kununkhiza, n'kubwelela m'basi.

Amene zinamuwawa kwambili ndi Vitalis wa njinga yamoto, wodzitcha Jenelo. Chibwenzi chake Dainess, wa saluni ku Petauke, chinali chitayamba kumwetulila kondakitala wina womubweletsela tizakudya. "Sondo nibwela," anatelo Dainess pafoni. "Nikapanda kudya nkhuku ya a Miti, nambala yanga ufufute."

Jenelo anaitana asilikali ake ku shabini: Stephen Mawaya, woonda ngati sipoko, ndi Gideon Fulutanki, wamimba yofika poyamba iye asanafike.

"Pulani ni iyi," anatelo Jenelo. "Basi ikaima, iwe Fulutanki ugwe pakhomo monga wakomoka."

"Nanga akanithila madzi?"

"Ndiye kuti wasamba. Tonse tipindula. Iwe Mawaya, lowetsa dzanja kuseli kwa galasi, utenge yathunthu ija yonyezimila."

"Ija niiona tsiku lililonse, mudala. Siichepa."

"Aigula ndani pa mitengo iyi?"

Sondo masana basi inaima. Fulutanki anagwa ngati thumba la feteleza. Amai a nthochi anamukupiza ndi zitenje, antchito anga anathamanga ndi ndowa, wokomokayo n'kunong'oneza kuti madzi ayi, bola chakumwa chozizila. Apo n'kuti Mawaya atadumpha kale panjinga, nkhuku ili m'malaya.

"Yapepuka bwanji?" anafunsa Mawaya.

"Ni yachizungu," anayankha Jenelo. "Ilibe mafupa."

Anayala phwando kuseli kwa msika. Dainess atafika ndi nsapato zake zazitali, Jenelo anadzigunda pachifuwa. "Yathunthu, dali. K400, keshi, kwa a Miti."

Dainess anakoka ntchafu. Sinabwele. Anakokanso. Fulutanki, akudontha madzi, anati, "Alamu, mulibe mphamvu," nayiluma pachidale. Dzino linalumpha.

Nkhuku imeneyo ndinagula ku Dar es Salaam, ndi ya pulasitiki. Pa mitengo ya lelo ndani angasiye nkhuku yeniyeni m'galasi kudikila ntchentche? Ine ndimakazinga ndikalandila ndalama. Kuyenda n'kuphunzila.

"Akubela!" anakuwa Dainess. "Thukuta lako lonse lija! Tiye!"

"Dali, tiwakhululukile, lelo ni Sondo."

Koma anamukoka ndi kolala mpaka kwa ine, asilikali ali pambuyo. Anayimenyetsa nkhuku patebulo, inanjanja, n'kukagwela pamiyendo ya abusa ena.

"A Miti, mulibe manyazi? Bwezani ndalama za munthu!"

Ndinamuyang'ana Jenelo. Thukuta linali kutsika mpaka m'nsapato. Mwina akadapulumuka, koma Fulutanki anatulukila kutsogolo, dzino lili m'manja.

"Na ine munilipile, bambo! Ine n'nagwa pasimenti, n'nathilidwa madzi kuti Mawaya aitenge bwino, manje dzino lapita!"

Anthu a m'basi anaphulika ndi kuseka, abusa mpaka kutsamwa.

Dainess anamuyeza Jenelo ndi maso kuyambila kumutu. "Kuba, mwina n'kanakhululuka. Koma kuba pulasitiki?" Anakhala pampando, nayika chikwama pamwendo. "A Miti, kazingani yathunthu, yeniyeni. Alipila ni Jenelo."

"Wamva, mkulu wa asilikali," ndinatelo. "Ulipila, kapena tiyende ku polisi?"

"Nilipila, bambo. Ni zingati?"

"Yathunthu ni K350. Koma wekha walengeza K400, ndipo ine sinditsutsa kasitomala."

Ulendo uno wokha ndinakazinga pangongole. Dainess anadya ntchafu imodzi pang'onopang'ono, atatuwo akumeza malovu. Yotsala anakulunga, nakwela basi ya ku Petauke. Womutsegulila chitseko anali kondakitala uja.

Kutha kwa mwezi Jenelo anabwela yekha, atanyamula ndalama zamakwinya za panjinga, nazithila patebulo: K400 ya nkhuku imene sanalawe, ndi K20 ya penti pamalo pomwe panaluma Fulutanki.