Maliro a hatchi ya Mayi Dorothy

Ndili ndi chitenje china chobiriwira chomwe sindidzavalanso. Chikadali chatsopano, koma ndikangochiona m'sutikesi thupi lonse limachita tsemwe.

Nthawi imeneyo ndinkasamalira okalamba m'makomo mwawo ku Indianapolis. Mmodzi mwa iwo anali Mayi Dorothy, mzungu wachikulire, omwe ankakhala kwa mwana wawo m'dera la Lawrence komweko atachitidwa opaleshoni ya m'chiuno. Kwawo kwenikweni kunali ku famu ina kunja kwa South Bend, komwe anasiya hatchi yoyera, dzina lake Duke. Inali ya malemu amuna awo. Mayiwa ankatha kuiwala kumwa mankhwala, koma tsiku silinkadutsa osafunsa ngati Duke wadya.

Loweruka lina neba wa kufamuko yemwe ankaidyetsa anali ndi ulendo, ndipo ine ndi pakamwa pangapa ndinadzipereka kukaidyetsa. Mayi Dorothy anafunsa ngati ndinaphunzirapo chithandizo choyamba cha mahatchi, poti kuli maphunziro ake. Ndinaseka. Ine wokulira pakati pa ng'ombe ku Mchinji, wokhala ndi satifiketi yotsitsimutsira anthu okomoka, ndikakhale m'kalasi chifukwa cha bulu wamtali? (Mundikhululukire, ndi mmene ndinkaionera hatchi.)

Tinanyamuka m'mamawa ndi amuna anga, bambo a Tadala. Pofika kufamuko chifunga chinali chitakuta paliponse. Mbali zonse kunali minda ya chimanga chouma, chili chiimire, chikulira ngati anthu akunong'onezana. Panalibe galu, panalibe mbalame. Chitseko cha khola chinkangotseguka n'kudzitsekanso chokha.

"Mayi a Tadala, malo ano sindikuwamvetsa," anatero bambowo. "Tingoidyetsa msanga hatchiyo tizipita."

Tinaipeza kuseri kwa khola. Inali itagona chammbali, khosi litatambasuka, miyendo ili gwa, thupi lonse matope. Dothi linali lokumbikakumbika ngati panachitika ndewu. Diso lake linangoti tong'o kuyang'ana kumwamba.

Ndinagwada n'kugwira mwendo wakutsogolo, pomwe ndinaganiza kuti ndi pamkono pake, kuti ndimve kugunda kwa mtima monga ndimachitira ndi anthu. Zii. Ndinatseka chikope chake. Chinatseguka chokha, pang'onopang'ono.

"Yatisiya," ndinatero.

"Koma ine ndaona ngati nthiti zikuyenda," anatero bambo a Tadala, ataima patali.

"Ndi mpweya wotsalira umenewo. Ng'ombe zimateronso." (Sindinaonepo ng'ombe yakufa ikupuma. Ndinangofuna kuoneka wodziwa.)

Tsono kwathu sitisiya wakufa pambalambanda, maso ali kumwamba. Inde inali nyama, koma kwa Mayi Dorothy inali chotsala chokha cha amuna awo. Ndinamasula chitenje chomwe ndinamanga pamwamba pa jinzi, n'kuifunditsa kumutu mpaka m'mapewa. Bambo a Tadala anavula chipewa.

Kenako inabuka nkhani ya uthenga.

"Afoneni mayi aja," anatero bambowo.

"Iii, inu! Uthenga wa maliro pafoni, kwa munthu wodwala? Akakomoka mukayankha ndinu?"

"Basi atekisiteni."

"Mwayamba liti chizungu chimenechi? Pakufunika munthu wamkulu apite, akakhale nawo pansi, ayambire kutali."

Tinakambirana za abusa athu a ku Indianapolis, za amayi a bungwe la kumpingo, za yemwe ali ndi Chingerezi chofewa. Nthawi ikupita. Ndinaganiza za nkhope ya Mayi Dorothy akamva, ndipo chisoni chinandigwira zenizeni. Posowa chochita tinakhala pa mitolo ya udzu n'kuyamba nyimbo ya maliro motsitsa mawu, awiriwiri m'chifungamo.

Tili pakati pa ndime yachiwiri, panamveka mawu achitatu. Anali akuya, obuula, ochokera pansi pa chitenje.

Tinasiya kuimba. Chitenje chinatukuka, n'kutsika. Chinatukukanso. Kenako malemu aja anapinda miyendo, nadzuka pang'onopang'ono, chitenje chili kumutu, kukhala chinthu chachitali, choyera, chopanda nkhope. Chinaima dzandidzandi m'chifungamo, n'kuyamba kubwera kumene kunali ife.

Bambo a Tadala ndi munthu wodandaula bondo tsiku lililonse, koma tsikulo bondo linachira. Pomwe ndimafika pagalimoto anali kale m'kati, ataloka zitseko zonse.

"Tsegulani!"

"Pempherani kaye! Mwaifunditsa ndinu, ikufuna inuyo!"

Nditatembenuka, chitenje chinali chitagwa. Duke sankatithamangitsa n'komwe. Ankadziluma m'nthiti, akupalasa pansi, thukuta lili kamukamu m'kuzizira konse kuja. Anagwanso n'kuyamba kugubuduka. Apo mantha a mzukwa anatha, nabwera ena oposa: nyamayi ili moyo, ikumva ululu woopsa, ndipo ine ndakhala ndikuiimbira nyimbo.

Ndinafonera neba uja, iye n'kuitana dokotala wa ziweto. Anabwera mayi wina wansapato zamatope, wosachedwa ndi moni. Anagwira pansi pa chibwano cha hatchiyo, natenga zala zanga n'kuziika pomwepo. Mtima wa Duke unkagunda mothamanga. Anatukula mlomo kuona mtundu wa nkhama, namvetsera m'mimba, n'kunena kuti m'matumbo mwatsekeka, vuto lomwe limapha hatchi likachedwa. Anaibaya jakisoni, naiika chubu m'mphuno, n'kutiuza kuti tiziiyendetsa pang'onopang'ono. Atafunsa kuti tinaipeza liti ndipo tinkatani nthawi yonseyo, bambo a Tadala anaulula zonse, ngati kuti iwo sanaimbe nawo besi.

Dokotalayo sanaseke. Anati tikanaonjezera nyimbo ina, maliro aja akanakhala enieni.

Duke anachira. Maphunziro aja ndinakalowa, ndinakhala kutsogolo, ndipo sindinatchulepo za ng'ombe za ku Mchinji. Mpaka lero bambo a Tadala akagona pasofa osachita nkonono, ndimawagwira pansi pa chibwano.

Chondivuta chinali kuwauza Mayi Dorothy. Ndinakhala nawo pansi, n'kuyambira kutali monga mwa mwambo, mpaka ndinafika pa chitenje ndi nyimbo. Ndinkadikira kukalipiridwa. Koma iwo misozi inangoyamba kutsika. Anati pa maliro a amuna awo panabwera anthu ochepa, ndipo palibe anaimba.

Kenako anandigwira dzanja, n'kuliika pakhosi pawo, pansi pa chibwano.

"Tsiku langa likadzafika udzabwere ndi chitenje chako, udzandiimbire," anatero. "Koma udzayambe wagwira apa."