Nthungululu pakhomo pa Esinati

Pali msewu wina ku Mufakose umene mpaka lero ndimaudutsa mofulumira, ngakhale anthu amene anandiona tsiku limenelo ambiri anasamuka ndipo ena anatisiya. Anthu akaimva nkhaniyi amaseka, ndipo sindiwaletsa. Inenso ndimayamba kuseka nawo, koma kusekako sindifika nako kumapeto.

Zinachitika dziko litangolandira ufulu, masiku amene pakamwa pankayamba kunena Salisbury kenaka n'kudzikonza kuti Harare. Ndinkasoka makolala a malaya pa fakitale ina ya zovala, ndipo ndinkakhala ku Highfield ndi makolo anga, amene anachokera ku Dedza ine ndisanabadwe. Ku tchalitchi kwathu ndinkadziwika ndi chinthu chimodzi, mawu. Paukwati kapena paubatizo akafuna woyambitsa nthungululu, onse ankacheukira kumene ndakhala. (M'kwaya anandichotsa mwaulemu. Anati ndikuphimba anzanga.)

Esinati ndinadziwana naye ku tchalitchi komweko. Anali mtsikana wofatsa amene mwamuna wake, aFilimoni, anakamutenga kumudzi n'kudzamuika m'kachipinda ka lendi kuseri kwa nyumba ya eni ake ku Mufakose. Chishona sankachimva, mayi ake anali kutali kuseri kwa malire awiri, ndipo mimba inali yoyamba. Akazi otere mu mpingo mwathu ankawapereka m'manja mwa aNambewe.

ANambewe sanali nesi, sanalinso mzamba. Iwo eni ankati, "Mwana amalandira ndi a ku kiliniki. Ine wanga ndi mayiyo." Matenda akayamba ankamuperekeza mayi ku kiliniki, kumusisita msana, kumupukuta thukuta, kumumasulira zimene manesi akunena. Mayiyo akatuluka, aNambewe ankayala mphasa pambali pa bedi lake n'kukhala pomwepo mpaka mchombo wa mwana utagwa. Ankamuphikira phala, kumuthowa ndi madzi otentha, kumuonetsa kagwiridwe ka mwana poyamwitsa. Anali mayi wamfupi, wa mawu ochepa, woyenda ndi kathumba kamodzi.

Lachinayi m'mawa ndikudikira basi pa masitolo a ku Machipisa, mayi wina wa mpingo wathu anandikuwira ali pawindo la basi ina: "Esinati wachira! Wamkazi!" Ndinavina pamzere pomwepo. Masiku amenewo n'kuti ndikuluka kachipewa ka wulu wachikasu, ndiye ndinati sindingapite chimanjamanja, ndimalize kaye. Kusoka ndinkakudziwa, koma kuluka ayi. Ndimati kachipewa pongokakomera mtima. Kanatuluka chichipewa choti akanavala aFilimoni. Ndinadzitonthoza kuti ana amakula.

Ndinanyamuka Loweruka masana. Chimene sindinkadziwa n'choti mwanayo anabadwa akupuma movutika, anathamangira naye ku chipatala chachikulu, ndipo Lachisanu anabwerera. Loweruka m'mawa amayi achikulire anali atakamuika kale. Tsono mwambo wathu umati khanda limene silinatuluke chikuta salilira mokweza. Sasonkha moto panja, satulutsa mipando, saimba nyimbo. Pakhomo pamangooneka ngati tsiku lina lililonse. Ndikunena izi osati podziteteza, koma kuti mumvetse kuti panalibe chondiimitsa.

Nthungululu ndinaiyambira pakona. Amayi awiri ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu anaimirira n'kuyamba kundikupizira manja pansi. Ine ndinati akundipatsa moni, ndipo ndinawakupizira chipewa chija m'mwamba. Nditafika pageti, mwini nyumba, mayi wa Chishona, anatuluka akuthamanga dzanja lili pakamwa. Inu amene mumaidziwa nthungululu mukudziwa pamene dzanja limakhala. Ndinati wabwera kudzandithandiza, ndiye ndinakweza mawu kuti asandipose.

Kuseri ndinapeza aFilimoni atakhala pa njerwa pafupi ndi khomo, mutu uli pakati pa mawondo.

"Makorokoto, alamu!" ndinawayamikira m'Chishona kuti ndi oyandikana nawo omwe amve. "Nanga nkhope yagwa bwanji? Mumafuna wamwamuna eti? Kapena wayamba kale kukulandani tulo?"

Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana. Ndinawasisita paphewa (inde, ndinawasisita) n'kukankha chitseko ndi chiuno, ndikuvina.

"Amake mwana! Ali kuti mlendo wathu? Ndione ngati mphuno watenga ya bambo ake!"

M'chipindamo munali kamdima. Esinati anagona atayang'ana kukhoma. ANambewe anagwada pansi, pambali pawo pali beseni la madzi ndi masamba a kabichi. Munalibe fungo la khanda, munalibe thewera ngakhale limodzi. Maso anaona zonsezi, koma mutu unali ukuvinabe. Kumiyendo kwa bedi kunali kabulangete koyera kopindidwa bwino, ndipo ndinapita n'kukavundukula pang'onopang'ono kuti ndisamudzutse. Munalibe kanthu.

ANambewe anandigwira pamkono. Dzanja lawo linali lonyowa ndi lolimba.

"Mwana wabwerera. Khala pansi."

Nthungululu ina inali itafika kale pakhosi. Ndinayesa kuimeza, koma inatuluka ngati kulira kwa nkhuku yopondedwa. Ndinabwerera chafutambuyo kufuna khomo, phazi n'kulowa m'beseni muja. Madzi anakhuthukira pa mphasa ya aNambewe, ine n'kukhala pansi m'madzimo. Chinthu chanzeru chokha chimene ndinachita chinali kubisa chipewa chija m'bulauzi.

"Ndipite, amayi," ndinanong'ona.

"Upite kuti? Walowa ndi phokoso, ufuna utulukenso ndi phokoso? Kolopa apa, ukatereke madzi ena."

Ndinakolopa. Ndinakatereka madzi pa pulaimasi panja, siketi ikudontha kumbuyo, osayerekeza kuyang'ana kumene kunali aFilimoni. Nditabwerera ndinapeza aNambewe atamudzutsa Esinati n'kumukhazika tsonga. Apa m'pamene ndinaona chimene mtsikana ngati ine sankachidziwa, kuti thupi la mayi silimva uthenga wa maliro. Mkaka unali utabwera. Mabere anali atatupa, olimba ngati miyala, ndipo malaya ake anali atanyowa. ANambewe anamupukuta, n'kuyala masamba a kabichi ozizira aja pachifuwa, kenaka anatenga chitenje kuti amumange.

"Gwira uku," anandiuza.

Ndinagwira. Koma pakamwa panga sipakanatha kungokhala.

"Esinati, pepa mng'ono wanga, ine sindimadziwa, anangondiuza pa basi kuti…"

"Pepa wakoyo umusunge," anandidula aNambewe osandiyang'ana n'komwe. "Lero si tsiku loti uyu atonthoze iwe. Koka chitenjecho."

Ndinawerama kuti ndikoke, ndipo chipewa chija chinapulumuka m'bulauzi n'kugwera pamiyendo pa Esinati.

Tonse atatu tinangochiyang'ana. Ndinapemphera kuti simenti ing'ambike ndilowemo. Esinati anachitola, kuchitembenuza, n'kulowetsamo chibakera. Analowetsanso chachiwiri, malo n'kutsalabe.

"Asisi," anatero ndi mawu osasa, "mumaganiza kuti ndabereka mwana wa mutu wotani?"

Anaseka. Kuseka kwake kunali kwenikweni, mapewa kugwedera. Koma pakati penipeni kunathyoka, ndipo kunatuluka kulira kumene sindinakumveponso, kochokera pansi pa mimba. Anachikumbatira chipewacho pa chitenje tinamumanga chija n'kumafuula.

Mayi wina wachikulire wa mpingo, amene anali m'gulu lokaika mwana m'mawa uja, anasuzumira pakhomo atatutumuka.

"ANambewe, muletseni! Salira chonchi. Adzatseka mimba."

ANambewe anaimirira, kathupi kawo kakang'onoko n'kudzaza khomo lonse.

"Sakulira ayi. Akuseka chipewa."

Anatseka chitseko. Kenaka anakwera pabedi, kukhala kumbuyo kwa Esinati, kumuzinga ndi manja n'kumamugwedeza pang'onopang'ono. Sanamuuze kuti atonthole. Sanamuuze kuti ndi chifuniro cha Mulungu. Ine ndinakhala pansi nditagwira phazi la Esinati, poti ndi lokhalo linali pafupi, ndipo koyamba m'moyo wanga ndinasowa mawu. Tinakhala choncho mpaka dzuwa linapendeka n'kulowa pa kawindo.

Esinati atatopa, aNambewe anamugoneka n'kutuluka kukaphika phala. Ndinawamva panja akuuza aFilimoni kuti asambe m'maso, alowe akakhale ndi mkazi wawo akamadya, chifukwa nawonso ataya mwana. Ndinafuna kuzemba, koma Esinati anandikoka siketi.

"Musapite, asisi."

"Ndakulakwira kwambiri."

"Aliyense akubwera monong'ona ngati ndaba kanthu," anatero akuyang'ana kudenga. "Akuti ndiiwale, ndikadali mwana, ndidzabereka wina. Ngati sanabwere n'komwe. Koma anabwera, asisi. Anali ndi tsitsi lambiri. Anandigwira chala." Anasisita chipewa chija. "Palibe amene anamuimbira nthungululu. Palibe amene wandiitana amake mwana. Ndinu nokha."

Ndinakhala m'mphepete mwa bedi.

"Amati sapatsidwa dzina asanatuluke chikuta," anapitiriza. "Ine ndinamupatsa mumtima. Usiku wa dzulo aNambewe anandifunsa ngati ndinamutcha, ndipo anati ndisalinyamule ndekha, ndipeze womusungitsa. Bwerani pafupi."

Ndinasendeza khutu, ndipo anandiuza.

ANambewe anakhala m'kachipinda kaja mpaka mkaka unauma ndipo Esinati anayamba kutuluka yekha kukatunga madzi pa mpope. Ine ndinkapitako ndikaweruka, kukachapa ndi kukagula kabichi. Amayi a tomato aja ankandiona ndikubwera n'kumagwirana m'nthiti. AFilimoni anatenga nthawi kuti ayambirenso kundiyankha moni, ndipo sindinawaimbe mlandu. Ndinafunsa aNambewe tsiku lina ngati akuganiza kuti ndingaiphunzire ntchito yawo. Anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti manja ndili nawo, vuto ndi pakamwa.

Sananame. Ndikanakonda kukuuzani kuti kuyambira tsiku limenelo ndimayamba ndafunsa ndisanatsegule pakamwa, koma anzanga a ku tchalitchi angandigwire bodza. Chaka chathachi ndinayamikira mkazi wa abusa chifukwa cha pathupi, pamene anali atangonenepa. Zinsinsi za anthu zimandipulumuka ndisanafike n'komwe pageti. Esinati anadzabereka ana ena, anakula, ndipo mayina awo Mufakose yonse imawadziwa. Koma la woyamba uja aNambewe anamwalira osandifunsa, mwamuna wanga salidziwa, ndipo inunso simulimva kwa ine. Ndikakumana ndi Esinati pa maliro kapena paukwati, timapatukira pambali, ndimalitchula kamodzi chapansipansi, iye n'kugwedeza mutu, kenaka timabwerera kwa anthu.